Chipolopolo Chosalowa M'mfuti ya Mlamu Wanga

Mfuti yanga yoyamba sindinaigule chifukwa chokonda kusaka. Ndinaigula chifukwa cha mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene anandilanda nkhwali zitatu ine ndikuona ndi maso angawa, kenako n'kukandisandutsa choseketsa pakhonde pa apongozi anga.

Masiku amenewo ndinkanyamula mabelo a fodya ku Kanengo, ndipo tinkachita lendi ku Mgona. Kwathu ndi ku Phalombe. Mkazi wanga ndi wa konkuno. Makolo ake anachoka ku Dowa kalekale n'kumanga ku Area 25, ndipo mlamu wangayo, dalaivala wa lole, ankakhala pa ploti yomweyo m'nyumba ya kuseri ndi banja lake. Anali munthu wa thupi, wa mawu aakulu, woti akamaseka ku golosale mumamumva muli kunyumba.

Anali ndi mfuti ziwiri za mpweya, zija mumathyola pakati, n'kuikamo kachipolopolo kamodzi ka mtovu. Yatsopano inali yake. Yakaleyo, imene thabwa lake anamanga ndi mphira, ankandibwereka ine. Loweruka m'mawa, anthu atakolola, tinkakwera njinga kudutsa nyumba zomalizira za ku 25 mpaka kumene minda imakumana ndi dambo. Kumeneko kunali njiwa, nkhwali, ndipo mwa apo ndi apo nkhanga za m'tchire.

Lamulo la kusakako ananena ndi apongozi anga aamuna, amene pa unyamata wawo ankapita ku uzimba ndi agalu. Ankati nyama ndi ya wolasa. Kaya waithamangitsa ndani, kaya waitola ndani, mwini wake ndi amene chida chake chalowa m'thupi, ndipo ndi iyeyo amene amagawa. Lamulo labwino ndithu. Koma mivi ndi mikondo ya kwawoko inkadziwika mwini wake, pamene ife mfuti zathu ziwiri zinkadya m'kachitini kamodzi. Zipolopolo zofanana ngati nyemba za m'thumba limodzi, ndani akanazisiyanitsa?

Mlamu wanga anapezerapo njira. Tikaona mbalame ankati tiloze tonse. Ine ndikawombera, iyenso ankakhethemula yake nthawi yomweyo, kaya waloza kaya sanaloze. Mbalame ikauluka, wophonya ndinali ine. Ikagwa, ankathamanga ndi mimba yakeyo uku akukuwa kuti, "Ndaigwetsa!" Ulendo woyamba ndinakayika kuti mwina n'zoona. Wachiwiri ndinaguguda m'mtima. Wachitatu nkhwali inali itagwa kale, ikuphupha pansi, pamene mfuti yake inalira, ndipo ndinaona fumbi la chipolopolo chake likubuka pachulu, kutali ndi mbalameyo.

"Alamu, imeneyi ndalasa ndine," ndinatero.

"Inu?" Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Alamu, musandiseketse ndili ndi mfuti m'manja, ndingadziwombere."

Zikanathera kuthengo komweko ndikanaiwala. Koma titafika kunyumba, anthu onse ali pakhonde, anayamba sewero. Anatenga tsache n'kuliika paphewa, anatsinzina maso onse awiri, n'kumanjenjemera maondo. Akuti umu ndi mmene ndimawomberera ine.

"Musawadabwe," anatero. "Kwawo ndiwo zake ndi kalongonda. Anazolowera ndiwo zosathawa."

Khonde lonse linafa nalo phwete. Apongozi aakazi anachita kupukuta misozi ndi chitenje. Apongozi aamuna anangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Zonsezi ndikanazimeza, poti chilamu n'chotero, ndipo wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Chimene chinandilasa n'chakuti mkazi wanga nayenso anaseka, kuseka kochokera m'mimba, mpaka kugwira chipupa. Pobwerera ku Mgona ndinamuuza kuti nkhwali ija ndinapha ndine. Anandisisita pamkono ngati mwana wodwala n'kunena kuti, "Musadandaule, bambo. Mudzaphunzira." Sanandikhulupirire ngakhale pang'ono. Ndinamuda mlamu wanga tsiku limenelo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Patapita masabata angapo ndinalengeza kuti ndikufuna mfuti yangayanga. Mlamu wanga anakondwera kwambiri. Anati ndigule yofanana ndi yake kuti tizigawana zipolopolo, ndipo anadzipereka kundiperekeza. Ndinamuthokoza, koma tsikulo litafika ndinakwera minibasi ndekha.

Za mfuti ya onga sindinaziganizire n'komwe. Imeneyo imafuna mapepala a kupolisi ndi thumba lolemera, ndipo ine ndinalibe zonse ziwiri. Ndinatsika kudepoti n'kuyamba kulowa m'masitolo a amwenye limodzilimodzi, mpaka ndinapeza lina logulitsa zitsulo, maloko ndi mbedza. Kuseri kwa kauntala kunali mfuti zisanu zitapachikidwa pamisomali. Wondithandiza anali bambo wina wa imvi, wovala kapusi, wooneka kuti wakalambira m'sitolo momwemo.

Ine maso anga anagwera pa yaitali, yonyezimira, yokhala ndi kagalasi koonera patali pamwamba pake. Ndinadziona kale ndikulowa nayo pa ploti ya apongozi, mlamu wanga kukamwa kuli yasa. Bambo aja anaitsitsa osatsutsa n'kundipatsa.

"Ithyoleni, achimwene."

Ndinaikanikiza pantchafu. Ine wonyamula mabelo, koma inachita kunditulutsa thukuta isanathyoke.

"Tsopano muiike paphewa, muloze loko uyo, muwerenge mpaka makumi awiri."

Ndisanafike pa khumi mpope unayamba kuvina.

"Mwaonatu," anatero. "Imeneyi imagulidwa ndi mabwana okapachika pabalaza. Kagalasi aka mukangogwa nako panjinga kamodzi, kayamba kukunamizani. Mukufuna kusaka kapena kujambulitsa?"

Anandipatsa ina yaifupi, ya thabwa lofiirira, yosakongola konse. Anandiuza kuti nditsinzine, ndiikweze paphewa, kenako nditsegule maso. Nditatsegula, tizitsulo tiwiri tolozera tija tinali titalunjika tokha kutsogolo kwa diso langa. Anati mfuti ili ngati nsapato, siigulidwa poona mmene yakhalira mnzako. Inandikhala bwino, ndinavomereza, koma mtima unali usanakhutire chifukwa sinkaoneka yoopsa.

Kenako anatulutsa tizitini tiwiri n'kukhuthulira zipolopolo pagalasi la kauntala. Zina zinali zazing'ono, zomwe zija ndinkazidziwa. Zinazo zinali zonenepa, zoti ngakhale wakhungu akanazisiyanitsa ndi zala.

"Izi ndi folo poyinti faifi, izi ndi faifi poyinti faifi," anatero. "Mfuti iliyonse ili ndi zake. Chachikuluchi simungachikakamize m'mfuti ya zazing'ono, sichilowa. Yaifupi imene mwagwirayi ndili nazo za mitundu yonse iwiri."

"Zabwino ndi ziti?"

"Zimatengera. Chaching'ono chimathamanga, chimayenda mowongoka, ndipo chimapezeka paliponse. Wongoyamba kumene ndimamuuza atenge chimenechi. Vuto lake, mbalame ikakhala pafupi chimabowola n'kutulukira mbali inayo, mbalame n'kukafera kutali. Chachikuluchi n'chaulesi. Chimagwa m'njira, mpaka mutachizolowera muphonya kwambiri. Koma chikafika chimagunda ngati nyundo, ndipo mu nkhanga kawirikawiri chimatsakamira momwemo."

Mawu omalizawo anandiimitsa mtima. Ndinatola chimodzi n'kuchigubuduza pakati pa zala.

"Mukuti chimatsala m'nyama?"

"Kawirikawiri."

"Ndipo sichingalowe m'mfuti ya zazing'ono?"

Bambo aja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka chamumtima. "Achimwene, inu mukufuna ndiwo kapena mboni?"

"Zonse ziwiri," ndinayankha.

Sanafunsenso. Anandisankhira za mutu wobulungira. Anati zosongoka zimangokongola koma zimasochera, ndipo za mutu wathyathyathya n'zobowolera mapepala. Anandichenjeza kuti ndisamaikhethemule mulibe chipolopolo, ndisamathire mafuta a njinga mumpope, ndiponso ndisaloze kumene kuli nyumba kapena munthu ngakhale ndikudziwa kuti mulibe kanthu. Mtengo wake unandiluma ndithu. Anaikulunga m'makatoni, ndipo m'minibasi ndinaifungatira ngati khanda ulendo wonse.

Mlamu wanga ataona zipolopolozo anaseka mpaka kukhala pansi. Anatenga chimodzi n'kuzungulira nacho ploti yonse, kuonetsa aliyense, ndi apongozi omwe.

"Taonani zimene agula alamu anga! Nzama! Akufuna kuziwombera mbalame kapena kuzidyetsa?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Akupusitsani amwenye. Zikakutherani kuthengo musadzandipemphe, zanga sizikwana m'chimphanga chanucho."

Ndinaseka nawo. M'mtima ndinkati, onetsa ndithu, aliyense azione bwinobwino.

Koma bambo a m'sitolo aja sananame. Mwezi woyamba ndinaphonya chilichonse. Ndikaloza njiwa pamtengo, chipolopolo chinkagunda nthambi ya m'munsi. Mlamu wanga sankafunikanso kunama, poti ndinkaphonyadi, ndipo sewero la pakhonde linawonjezeka zigawo. Mkazi wanga anayamba kufunsa ngati sitolo ija singalandirenso katundu wake. Panali Loweruka lina limene ndinakhala pachulu n'kudzifunsa ngati sindinadzikumbire ndekha dzenje.

Ndinayamba kupita kumaenje oumbira njerwa kuseri kwa Mgona Lamlungu lililonse masana. Ndinkaimika zitini za tomato kutsogolo kwa khoma la dothi, n'kuyeza mapazi khumi, makumi awiri, makumi atatu. Pang'onopang'ono ndinaphunzira ulesi wa chipolopolo changa. Pafupi ndinkaloza pachitini penipeni. Pa mapazi makumi atatu ndinkaloza pamwamba pake ndi zala ziwiri. Ndinaphunzira kutulutsa mpweya ndisanakhethemule, ndi kusaigwira mfuti mwankhanza. Sindibisa, chitini chilichonse ndinkachipatsa nkhope, ndipo nkhope yake inali imodzi. Kuthengo ndinapitiriza kuphonya, koma tsopano mwadala. Njiwa sinkandikwanira. M'kambalame kotero ngakhale chipolopolo changa chikanatulukira, ndipo mlandu wanga unkafuna nyama yochindikala. Mlandu suola, ndinadikira.

Mwayi unabwera mu Ogasiti, anthu atatentha tchire. Dzuwa linali litakwera pang'ono pamene tinamva nkhanga zikulira kumunsi kwa munda wina wopsa. Tinasiya njinga n'kukwawa m'ngalande mpaka kuseri kwa chulu. Zinalipo zisanu ndi ziwiri, zikupalasa m'phulusa. Imodzi yaikulu inapatuka n'kubwera chakuno, n'kuima chammbali.

"Tiloze tonse," ananong'ona mlamu wanga.

Ndinayeza ndi maso. Mapazi makumi awiri ndi asanu, mwina kuposerapo pang'ono. Ndinaloza pamwamba pa phiko, ndinatulutsa mpweya, n'kukhethemula. Ndinamva chipolopolo chikufika, phu, ngati munthu wamenya pilo. Nkhanga inagwa chammbali. Zinzake zili m'mwamba kale, m'pamene mfuti ya mlamu wanga inalira.

"Ndaigwetsa! Ndaigwetsa!"

Anathamanga m'phulusa muja, anaigwira ikuphupha, n'kuicheka pakhosi ndi mpeni. Ndinafika pang'onopang'ono n'kupempha kuti ndiinyamuleko ndione kulemera kwake. Ndinapatula nthenga ndi chala. Bala linali limodzi, kutsogolo kwa phiko, polowera pachifuwa. Ndinaitembenuza. Mbali inayo kunalibe kanthu.

Mawu anafika pakhosi. Ndikanatha kung'amba pomwepo ndi mpeni n'kumuonetsa chipolopolo changa. Koma kuthengo tinali awiri, ndipo ndinkamudziwa: akanachitola n'kuchiponya m'phulusa, n'kunena kuti wataya kamwala. Ndinamubwezera nkhanga yake.

"Mwalasa bwino, alamu," ndinatero. "Dzanja lanu ndi lina."

Ulendo wobwerera anaimangirira pahandulo kuti aliyense aione. Pa ploti anaipereka kwa mkazi wake kuti aikonze, ndipo ine mtima unayamba kugunda. Bwanji akachipeza chipolopolocho poduladula n'kuchitaya ndi matumbo? Bwanji chikagwera pansi pa poto? Bwanji nthuli yake ikapita kwa ana, kapena kwa apongozi aamuna amene mano awo anali owerengeka kale? Ndinakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala ndikumvetsera phokoso lililonse la kukhitchini, uku mlamu wanga akufotokozera oyandikana nawo mmene anailozera ikuthamanga. Pofika masana nkhaniyo inali itakula, nkhanga ija anali ataiwombera ili m'mwamba.

Tinadya amuna atatu pakhonde: apongozi, mlamu wanga ndi ine. Amayi ndi ana anali pamkeka kuseri kwa chitseko, pafupi moti tinkamvana. Monga mwini nyama, mlamu wanga ndiye anagawa. Bambo ake anawapatsa nthutumba ndi ntchafu. Ine anandiponyera phiko. Iye anadzikokera nthuli yaikulu ya pachifuwa, ndipo ndinaona kabala kakuda m'mbali mwake.

"Apa m'pamene ndinalasa," anatero, akuloza ndi chala chonona. "Alamu, muziyang'ana, sukulu yaulere iyi."

Ndinayang'anadi. Sindinayambe ndayang'anapo munthu akudya mmene ndinamuyang'anira tsiku limenelo. Analuma koyamba, palibe. Kachiwiri, palibe. Kachitatu analuma ndi mano a m'mbali uku akuyankhula, ndipo panamveka khecheee, phokoso loti ngakhale amayi kuseri kuja analeka kutafuna.

Nsagwada zake zinaima. Maso anatuzuka, misozi inalengeza. Ndinaona lilime lake likufufuza m'tsaya, likugubuduza chinthucho, likuchiyeza. Munthu amene wagwira zipolopolo zaka zambiri safuna maso kuti adziwe kukula kwake. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

"Kwagwanji, alamu?" ndinafunsa mokoma. "Fupa?"

Anagwedeza mutu kuvomera, pakamwa ali chitsekere. Kenako anatambasula dzanja kufuna kapu ya madzi. Ndinazindikira zimene ankafuna kuchita. Ankafuna kumeza mboni yanga. Kapu inali pafupi ndi iye kuposa ine.

Dzanja la apongozi ndilo linafika poyamba. Anaika chikhatho pamwamba pa kapuyo.

"Lavula," anatero.

"Mmm," anatero mlamu wanga, akupukusa mutu.

"Ndati lavula. Nkhanga ilibe fupa lolira choncho."

Anatambasula dzanja linalo pansi pa chibwano cha mwana wawo, mmene amachitira mayi kwa mwana amene waika ndalama yachitsulo m'kamwa. Bambo wa ana anayi, wa ndevu zake, anawerama n'kulavulira m'dzanja la bambo ake. Munali malovu a magazi, kachibenthu ka dzino, ndi chipolopolo chophwanyika kumutu. Apongozi anachitsuka m'beseni losambira m'manja, anachikweza kudzuwa, n'kuchiika pambale yopanda kanthu. Chinalira ngwee.

Panalibe wofunsa kuti n'cha ndani. Mlamu wanga yemwe anali atazungulira nacho ploti yonse. Amayi anali atadzaza pakhomo, ndipo mkazi wanga anali kutsogolo, akuyang'ana mbaleyo, kenako ine, kenako mbaleyo.

"Kachitini kako kali kuti?" apongozi anafunsa mwana wawo. Mkazi wa mlamu wanga ndiye anakatenga. Apongozi anatola kamodzi mwa tizipolopolo take n'kukaika pambali pa changa, kuti ngakhale ana aone.

"Bala linali limodzi?" anafunsa mkazi wa mwana wawoyo, amene anakonza nkhangayo.

"Limodzi, bambo."

Apongozi anatola nthutumba ija, imene anali asanailume, pamodzi ndi ntchafu yawo, n'kuzibwezera m'mbale ya ndiwo. Anatenga nthuli ya pachifuwa pamaso pa mwana wawo n'kuibwezeranso momwemo. Mbale yonse anaikankhira kwa ine ndi manja awiri.

"Akamwini, tadya nyama ya eni ake osapempha. Tikhululukireni. Gawani."

Apa ndiye pamene munthu wabwino akanaseka n'kunena kuti zatha, tiyeni tidye. M'busa aliyense akanandilangiza choncho. Koma ine ndinali nditadikira tsiku limeneli miyezi yambiri, ndipo sindinafune kuti lithe msanga. Nthutumba ndi ntchafu ndinazibwezera kwa apongozi ndi ulemu wonse. Ntchafu inayo ndinaitumiza kwa apongozi aakazi. Nthuli ya pachifuwa ndinaidula poluma pake n'kutaya, yotsalayo n'kuika m'mbale yanga. Kenako ndinayamba kudya.

"Nanga mlamu wanu?" apongozi anafunsa chapansipansi.

"Ali ndi pakamwa, bambo. Apemphe okha."

Mlamu wanga anayang'ana bambo ake, koma iwo anali otanganidwa ndi ntchafu yawo. Anayang'ana mlongo wake, mlongo wake sanaphethire. Akanatha kudzuka n'kupita kunyumba kwake, koma kuchoka pambale bambo ake asanamalize sikunkachitika pa ploti imeneyo. Anagwira tsaya lake n'kuyankhula ndi kamawu kamene ndinali ndisanakamvepo.

"Alamu, ndigawireniko."

"Sindinamve."

"Ndigawireniko nyama yanu, alamu."

Ndinayang'ana m'mbale ija modekha, ngati munthu amene akusankha chabwino. Munali mutatsala phiko limodzi ndi msana. Ndinakweza mutu n'kuitana mkazi wanga.

"Mayi, m'mbale ya ana mwatsala chipalapasiro?"

"Chatsala chimodzi."

"Apatseni achimwene anu."

Anakachitenga yekha, anagwada monga mwa ulemu, n'kuchiika pamaso pa mchimwene wake. Mlamu wanga anachitafunira mbali imodzi, dzino likumuwawa, ndipo ine sindinasambe m'manja mpaka atachimaliza.